Amayi safinya chimanga mumtondo: za crush, squeeze ndi abale awo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa Folomu 4 pasukulu ina yoyendera ku Ntcheu. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Aphungu, m'chimangirizo cha Chingerezi ndinalemba za tsiku lokonzekera ukwati kwathu. Pena ndinalemba kuti 'My mother squeezed the maize in the mortar', penanso 'My aunt crushed the wet clothes and hung them on the line'. Aphunzitsi adula mzere wofiira pansi pa squeezed ndi crushed. Koma buku la mawu ofanana matanthauzo limene bambo anandigulira likuika crush, squeeze, press, pound, squash ndi grind pamzere umodzi. Ndimvere ndani? MSCE yayandikira ndipo ndikufuna kudzachita unamwino."

M'munsi mwake, ndi bolopeni ya mtundu wina, bambo ake awonjezera funso lawo: "Kodi ndalama za bukuli ndangotaya?"

Mwanangu, mvera aphunzitsi ako. Bambo, ndalama simunataye, koma mundidikire kaye ndithane ndi mwanayu.

Tiyambire pamtondo pomwepo. Utapita kwa agogo ako n'kuwauza kuti amayi akufinya chimanga mumtondo, angakuyang'ane kawiri n'kufunsa ngati sukuluyo ikukuthandiza. Chimanga timakonola, timasinja, timatibula, kapena timakagayitsa. Ndimu ndiye timafinya. Ng'ombe timakama, mawere timapera pamphero, mpendadzuwa timayenga, chithupsa timathudzula. Palibe amene anakulembera zimenezi pa bolodi, koma sunalakwitsepo ndi tsiku limodzi lomwe, chifukwa liwu lililonse unaliphunzira uli kuona chinthu chimene limayenda nacho. Chingerezi nachonso n'chotero. Vuto lako si kuchepa kwa mawu, mawu uli nawo ambiri. Unangowalandira atamangidwa mtolo umodzi, opanda zinthu zake.

Ndiye ukafuna kusankha liwu, usayambe ndi kufunsa kuti likutanthauza chiyani. Yamba ndi kufunsa kuti ntchitoyo ikatha, m'manja mwatsala chiyani.

Squeeze ndi kufinya kapena kupanikiza chinthu mbali ndi mbali, kawirikawiri ndi dzanja. Chinthucho chimakhala chofewa kapena chamadzi m'kati, ndipo nthawi zambiri sichiwonongeka. "Squeeze a lemon." "Squeeze the toothpaste", Kolugeti uja wotsala pang'ono amene mumapinda chubu chake mpaka kukhosi. "She squeezed my hand", anandigwira dzanja molimba pang'ono pondilimbitsa mtima. Mu minibasi kondakitala akamati "tafinyanani pamenepo, anayi anayi", chimene mukuchitacho ndi squeeze: "We squeezed into the minibus." Mwathinana, miyendo yachita dzanzi, koma pa siteji aliyense atsika wamphumphu.

Crush ndi ina. Chinthu chikachitidwa crush sichibwereranso mwakale. Chaphwanyika, chanyenyeka, chataya maonekedwe ake chifukwa cha mphamvu kapena kulemera kwa chinthu china. Adyo pa thabwa, mwala mu makina, piritsi pakati pa masupuni awiri, chitini chopondedwa ndi lole. Ukalemba kuti "We were crushed in the minibus", wochonga mayeso akhoza kuganiza kuti panachitika ngozi ndipo ena ali kuchipatala. Pa 6 Julaye 2017, anthu atakankhana pachipata cha Bingu National Stadium ku Lilongwe n'kumwalira anthu 8, ambiri mwa iwo ana, crush ndiye liwu loyenera pofotokoza zimene zinachitikira matupi awo. Ndikukumbutsa nkhani yowawayi kuti umve kulemera kwa liwuli. Si liwu loliika pa zovala zonyowa za azakhali.

Zovala zonyowazo zili ndi liwu lakelake, wring. Ndi kufinya mopotokola, dzanja lina kupita uku lina uko, madzi n'kumatsikira m'zigongono. Chilembo w sichitchulidwa, limamveka ngati ring. Nthawi yakale si wringed ayi, ndi wrung. Khosi la nkhuku nalonso amati "wring its neck", chifukwa ndi kupotokola komweko.

Za mumtondo zija ndi pound. Apa chachikulu ndi kumenya mobwerezabwereza ndi chinthu cholemera, musi ukukwera n'kutsika. "She pounded the maize in a mortar with a pestle." N'chifukwa chake mtima ukamagunda mwamphamvu ndi mantha amati "my heart was pounding", ndipo munthu womenya chitseko usiku ndi nkhonya "is pounding on the door". Phokoso lake n'lomwelo la musi. Usalisokoneze ndi pound wa ndalama, amene agogo ako anagwiritsapo ntchito kuno mpaka 1971 kwacha isanabwere, kapena pound wa sikelo. Awiriwo amangofanana kalembedwe ndi pound wa mumtondo, makolo awo ndi osiyana ndi ake.

Grind ndi kupera kapena kugaya, kukhuza chinthu pakati pa zinthu ziwiri zolimba mpaka chisanduke ufa kapena phala. Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ana ambiri amene ndakhala ndikuwathandiza amagwera. Nthawi yakale ya grind ndi ground, yolembedwa ndendende ngati ground wa dothi. Ndiye mwana amaona ground, n'kuganiza kuti sizingatheke, n'kulemba grinded, kapena kuipitsiratu n'kulemba grounded, amene ndi mawu onena ndege yoletsedwa kuuluka. Lemba "The maize was ground into flour", basi. Ndipo taona masewera awa: mtedza ndi groundnuts, chifukwa umabereka pansi pa nthaka, ground wa dothi uja. Nsinjiro zopera pamakina ndiye ground groundnuts, ma ground awiri otsatana, woyamba wopera wachiwiri wa dothi. Ukagwira chitsanzo chimenechi sudzaiwalanso. Zikakhala zosinja pamanja mumtondo, ndi pounded groundnuts. Galayinda wa owotcherera zitsulo pamsika dzina lake likuchokera pa grind yemweyu, ndipo kukukuta mano kutulo amati "grind your teeth".

Squash uli nayo pafupi kuposa wina aliyense, iwe wa ku Ntcheu. Gula tomato wakupsa pa Lizulu, umuike pansi pa dengu, pamwamba usanjikepo kabichi ndi thumba la mbatatesi. Pofika pa Balaka tomato uja waphwatalala, madzi ali chuchuchu. Ameneyo ndiye "squashed tomatoes": chinthu chofewa chimene chaphwatalala, kawirikawiri mwangozi. Sobo amene timasungunula ndi madzi pa botolo pake amalemba squash, popeza chakumwa chotere chinayambira pa madzi a zipatso zofinyidwa. Masewero a squash omenyetsa kampira kukhoma m'chipinda nawo dzina analitenga ku kampira kofewa kamene kamaphwatalala kakagunda khoma. Koma ukadzawerenga squash ngati ndiwo, ya mtundu wa maungu, dziwa kuti limenelo ndi liwu lachilendo lochokera ku chilankhulo cha Narragansett cha eni nthaka a ku America. Silikhudzana ndi kufinya.

Mash ndi kukanya chakudya chofewa, kawirikawiri chophika kale, mpaka chikhale phala: mbatata ya futali, nthochi ya khanda. Ukaika s kutsogolo n'kukhala smash, nkhani yasintha, tsopano ndi kuswa mwaukali ndi phokoso, ngati galasi la galimoto. Mtanda wa mandasi ndi knead, k wake wosatchulidwa. Pepala lokwinya m'manja n'kuliponya mu bini ndi crumple. Kutsina ndi pinch. Amenewa sasowa maphunziro ambiri.

Press ndiye ali ndi banja lalikulu. Payekha ndi kukanikiza chinthu pa chinzake, mbali imodzi, mosaphwanya: kudina batani la foni, kusita malaya, kudinda chala pa fomu. Atolankhani amatchedwa the press chifukwa cha makina osindikizira, amene Johannes Gutenberg cha m'ma 1450 ku Mainz anatengera nzeru yake ku makina ofinyira mphesa. Muzu wake ndi wa Chilatini, ndipo ukangouzindikira mawu ambiri a m'mayeso amatseguka okha. Compress ndi kupanikiza pamodzi kuti chinthu chichepe. Oppress ndi kupondereza anthu, ndipo taona kuti ifenso liwu lathu tinalitenga pa kuponda. Suppress ndi kukanikizira pansi chinthu kuti chisatuluke, kaya ndi chifuwa, kaya ndi nkhani, kaya ndi zionetsero. Depress, impress, pressure, onsewo ndi ana a mayi mmodzi. Express poyambirira penipeni ndi kufinyira kunja. Sunga limeneli, tikumana nalo kuchipatala posachedwa.

Pali msampha wina umene buku la bambo silingakuuze, chifukwa amene analilemba sankaganiza za lilime lathu. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u. Chingerezi cholankhula chili ndi ochuluka kwambiri. Ndiye crush ndi crash kukhutu kwathu zimamveka chimodzimodzi, zonse "krashi". Onjezerapo vuto lathu la l ndi r, clash nayenso walowa m'gulu. Ndaonapo chimangirizo cha mnyamata wina wanzeru ndithu chonena kuti "The bus crushed at Linthipe and the two teams crashed in the final." Mawu onse awiri anaphonya. Basi ikagunda mtengo kapena kugubuduzika ndi crash. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi ntchito ili m'kati ndi crash. Matimu awiri akakumana, kapena apolisi ndi ochita zionetsero akalimbana, kapena mayeso awiri akagwa ola limodzi, ndi clash. Crush ndi pamene chinthu china chaphwanyidwa pansi pa chinzake. Ziganizo izi uziloweze ngati nyimbo: "The lorry crashed into a wall. It crushed a bicycle. The drivers clashed." Polankhula anthu adzakumvabe chifukwa nkhani imadzifotokoza yokha, koma pa pepala chilembo chimodzi chimenecho chimaoneka, ndipo wochonga mayeso sangakukhululukire.

Crush winayo, amene inu achinyamata mumalemba pa Facebook kuti "crush wanga", ndi Chingerezi chovomerezeka ndithu, cha macheza. Mawu ake athunthu ndi "to have a crush on someone", kukopeka ndi munthu mobisa. Ndangotchula kuti bambo akadzaliona pa foni yako asaganize kuti wina waphwanyidwa. Zotsalazo mukambirana nokha pakhomo.

Tsopano za unamwino, chifukwa ndi pamene ndikufuna uone kuti mzere wofiira wa aphunzitsi si nkhanza. Kuti upeze satifiketi ya MSCE uyenera kukhoza Chingerezi, ndipo kuti ulowe yunivesite ya boma ngati KUHeS, yophunzitsa zaumoyo, pamafunika makirediti sikisi, Chingerezi chili momwemo. Zimenezi ukuzidziwa. Chimene mwina sunachiganizire n'chakuti ukakalowa, kaya ndi ku KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a mipingo a CHAM, mabuku, mafayilo a odwala ndi mapaketi a mankhwala zonse zili m'Chingerezi, ndipo mawu amene tikukambiranawa ali ponseponse.

Pa mapaketi ena a mankhwala pamalembedwa kuti "Swallow whole. Do not crush or chew." Mapiritsi oterewa ena anapangidwa kuti azitulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ena ali ndi chikuto choti chisasungunuke m'mimba mpaka chikafike m'matumbo. Namwino akaphwanya piritsi lotere pofuna kuthandiza gogo amene akuvutika kumeza, mankhwala a tsiku lonse angalowe m'magazi nthawi imodzi. Apa crush ayenera kumveka bwinobwino, osati "china chake chokhudza kufinya". Ku wodi ya ana obadwa masiku osakwana udzamva za expressed breast milk, mkaka wa m'mawere wokamira m'kapu kuti khanda losatha kuyamwa limwetsedwe. Ndi express uja ndinati usunge. Mayiyo iwe udzamuuza m'Chichewa kuti akame, koma mu fayilo udzalemba express, osati squeeze. Mwana wotsegula m'mimba amamuyeza ndi skin pinch: kutsina khungu la pamimba n'kuona ngati likubwerera msanga, chifukwa likachedwa ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Munthu mtima ukaima, chimene umachita pachifuwa pake ndi chest compressions, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6 kwa munthu wamkulu. Bala likamataya magazi, "apply pressure". Munthu amene mwendo wake unapanikizika pansi pa khoma logwa ali ndi crush injury, ndipo madokotala amayang'anitsitsa impso zake chifukwa minofu yophwanyika imatulutsa zinthu zoziwononga. M'malo onsewa, kusinthanitsa liwu ndi mnzake wa pamzere wa m'buku lija ndi kusintha zochita.

Si unamwino wokha. Mnzako amene adzapite ku Illovo, ku Nchalo kapena ku Dwangwa, adzamva za crushing season, nyengo yogaya nzimbe imene imayamba cha mu Epulo n'kutha chakumapeto kwa chaka. Amati crush ngakhale cholinga n'kutulutsa madzi, chifukwa nzimbe ikadutsa mu zigayo zachitsulo zija imatsala zinyalala zokhazokha, zimene amazitentha kuti ziyendetse makina. Wopita ku yunivesite ya MUBAS kukaphunzira zomangamanga adzaumba timabokosi ta konkire n'kutiika mu makina otiphwanya patatha masiku 7 ndi 28, kuti adziwe compressive strength, mphamvu ya konkireyo popirira katundu. Ndipo nonsenu tsiku lina mudzafunsira ntchito pa intaneti, makina n'kukukanani kuti fayilo ya masatifiketi yakula. Chofunika pamenepo ndi compress.

Mawuwa amagwiranso ntchito mophiphiritsa, ndipo mu ndime za mafunso a kumvetsa nkhani amakonda kubwera motero. Nkhani yabwino n'njakuti tanthauzo la m'manja lija silitayika. "A crushing defeat" ndi kugonja kosabwererako, timu yaphwanyidwa. "The army crushed the rebellion", anathetseratu. Koma "families are being squeezed by high prices" akutanthauza kuti mabanja apanikizika, akupumira m'mwamba, sanathe. "Can you squeeze me in?" ndi kupempha dokotala kapena mkulu wa ofesi kuti akupezere kampata ngakhale nthawi yake yadzaza, minibasi ija yabweranso. "He pressed me for an answer", anandikakamiza. "The daily grind" ndi ntchito yotopetsa ya tsiku ndi tsiku, yokupera pang'onopang'ono ngati mawere pamphero. Ukakumana ndi chiganizo chotere m'mayeso, bwerera ku mtondo, ku ndimu, ku mphero, udzifunse kuti chatsala n'chiyani.

Chochita kuyambira lero n'chochepa. Tenga kope lakale, kumbuyo kwake. Usalembe liwu lokha ndi tanthauzo lake. Lemba liwu ndi zinthu zitatu zimene limayenda nazo, ndi nthawi yake yakale ngati ili yokhota: wring, wrung, clothes, a towel, a chicken's neck. Pambali ika liwu la Chichewa limene agogo angagwiritse ntchito pa chinthu chomwecho. Pena mawu awiriwa adzagwirizana ndendende, ngati pound ndi kusinja. Pena ayi: kufinya kwathu kumakwana pa ndimu ndi pa zovala pomwe, pamene Chingerezi chimagawa squeeze ndi wring. Malo osagwirizanawo ndi amene uike nyenyezi, chifukwa ndi momwe zolakwa zako zidzachokere. Aphunzitsi ena amaletsa kuganiza m'Chichewa pophunzira Chingerezi. Ine pa mawu a ntchito za manja ngati awa sindigwirizana nawo. Mwana amene wasinjapo, wafinyapo, wakamapo, ali patsogolo pa mwana amene zinthuzi anangoziona pa TV.

Bambo, tsopano inu. Buku munagulalo amalitcha thesaurus, liwu lochokera ku Chigiriki lotanthauza mosungira chuma, tinene kuti nkhokwe. Lotchuka kwambiri la mtunduwu analitulutsa dokotala wina wa ku England, Peter Mark Roget, mu 1852, ndipo ntchito yake ndi kukumbutsa munthu liwu limene akulidziwa kale koma lamuthawa pakamwa. Nkhokwe imasunga, siphika. Mwana wanu akalowamo amapeza mawu asanu ndi limodzi ali pamodzi, koma bukulo silimuuza kuti liti ndi la ndimu, liti ndi la mwala. Chimene chikusowa pambali pake ndi dikishonale ya ophunzira Chingerezi, imene pansi pa liwu lililonse imapereka ziganizo za chitsanzo. Pogula, tsegulani pa crush muone. Mukapeza tanthauzo lokha la mzere umodzi, ibwezeni pa shelefu. Mukapeza ziganizo zitatu kapena zinayi, ndi yomweyo, ngakhale itakhala ya kaunjika yothothoka chikuto. Ngati ndalama palibe pakadali pano, madikishonale otere aliponso aulere pa intaneti, ndipo kabandulo kochepa kamakwana. Lamulo likhale lakuti liwu lililonse lotengedwa mu thesaurus lidutse kaye mu dikishonale lisanalowe m'chimangirizo.

Ndipo simusowa Chingerezi chambiri kuti mumuthandize. Madzulo amayi ake akamasinja nsinjiro kapena wina akamachapa, mulozereni ndi chala mumufunse kuti chimenecho pa Chizungu amati chiyani, ndipo dzulo akanati chiyani. Akakayika, akatsegule buku.

Mwanangu, ziganizo zako ziwiri zija zilembedwe motere: "My mother pounded the maize in the mortar. My aunt wrung the wet clothes and hung them on the line." Ukamakonza usakhudze hung, anali bwino kale. Ndikudziwa kuti mzere wofiira ukachuluka dzanja limafuna kusintha chilichonse, ndipo ungathe kulemba hanged. Ameneyo ndi wa munthu wonyongedwa pa chingwe, zovala za azakhali sizinalakwe chilichonse.